Lemba, mbale: nafenso mawu athu amaseweredwa

Pali bodza limene ife anthu opita kusukulu timakonda kuuzana mosachita nalo manyazi. Ati masewera a mawu ndi a Chingerezi. Ati ukafuna kunola ubongo ndi zilembo, tsegula bokosi la Scrabble kapena Wordle pa foni, chifukwa Chichewa ndi Chitumbuka n'ziyankhulo za kumsika, kumaliro ndi kumisonkhano ya ndale basi. Ena amawonjezera kuti mawu athu ndi aatali, ndi olemera, satembenuzika. Amanena zimenezi ndi nkhope ya chisoni ngati munthu wopepesa maliro, pamene mumtima akunyadira kuti iwo anawoloka kale mtsinje umenewo.

Ine ndikukana. Nkhani imeneyi ndi yabodza, ndipo bodzali silithera pa macheza athu a pa WhatsApp. Limatsika mpaka m'kalasi, n'kukapweteka mwana amene akulimbana ndi kuwerenga kuyambira pa boma la Mzimba mpaka ku Embangweni, ku Jenda ndi ku Khosolo.

Tiyambe ndi umboni, mkangano ubwere pambuyo. Tengani mawu akuti lemba. Aduleni pakati: le-mba. Chakumbuyo muchiike patsogolo: mba-le. Mwapeza mbale, kaya wobadwa naye kaya yodyeramo nsima, zili kwa inu ndi m'mene mwakwezera mawu. Tengani kale, mutembenuze, mupeza leka. Sala amasanduka lasa. Mapu amasanduka puma. Nena amasanduka nane, moti mutha kungowalumikiza n'kukhala chiganizo: nena nane. Nama amasanduka mana, ndipo aliyense amene anapitapo kukakongola ndalama kwa m'bale wake wobwera ku Joni akudziwa kuti kunama ndi kumana zimayendera limodzi.

Mwati mawu aatali satembenuzika? Tengani ndalama zomwezo. Nda-la-ma. Sunthani ma apite patsogolo: ma-nda-la. Mandala, aja ovala m'maso, amene anthu anapatsira dzina John Moir wa kampani ya African Lakes, mpaka lero ku Blantyre kuli malo otchedwa Mandala. Mbiri ya dziko lino yabisala m'thumba mwanu, inu muli busy kufunafuna mawu a Chingerezi oyamba ndi Q.

Palinso kusinthanitsa zilembo ziwiri zokha, zina zonse n'kukhala pomwe zili. Tola, lota. Sula, lusa. Kola, loka. Galu, gula. Palinso kuwonjezera kachilembo kamodzi kokha, h, kamene kamasintha dziko lonse: pala n'kukhala phala, kola n'kukhala khola, ponya n'kukhala phonya. Wosewera mpira akaponya, anthu amakuwa ndi chimwemwe. Akaphonya, amatukwanidwa mpaka agogo ake. Kusiyana kwake ndi kampweya kochepa kotuluka m'kamwa. Ndiye munthu wa digiri aziimirira n'kunena kuti chiyankhulo chimenechi chilibe poseweretsa?

Tsono n'chifukwa chiyani anzathuwa amakhulupirira bodzali? Chifukwa anayesa kusewera Chichewa ndi zida za eni ake, zitakanika n'kunena kuti vuto ndi Chichewa. Scrabble anayambitsa ndi Alfred Butts wa ku America m'zaka za m'ma 1930, ndipo kuti adziwe kuti chilembo chilichonse chikhale ndi timatabwa tingati, anachita kuwerenga zilembo m'nyuzipepala za Chingerezi monga New York Times. N'chifukwa chake m'thumba la timatabwa 100 muli E okwana 12, koma K mmodzi yekha, M awiri, U anayi. Tsopano yesani kulemba kukhululuka. Mufunika K atatu ndi U onse anayi a m'thumbamo. Yesani kukoka: K atatunso. Chiyankhulo chimene mneni wake aliyense amayamba ndi ku- mwachipatsa K mmodzi, ndiye mukudabwa kuti sichikuyenda? Z amene kwa iwo ndi wosowa, wa mapointi 10, ife timangomutola paliponse: mzimu, kuzizira, mazira, zonse. Q ndi X amene iwo amawasunga ngati golide, m'Chichewa mulibe. Q mwina mungakumane naye m'chiwongo cha Chingoni ngati Nqumayo. Nanga ng' wa ng'ombe, ndi kampukutu kake kam'mwamba kaja? Nanga ŵ? Palibe kathabwa kake ngakhale kamodzi.

Wordle nayenso chimodzimodzi. Josh Wardle anamupanga kuti munthu apeze mawu a zilembo zisanu m'maulendo asanu ndi limodzi, ndipo anatchuka kwambiri mpaka New York Times inamugula mu 2022. Zilembo zisanu m'Chingerezi ndi mawu athunthu. Kwathu kuno nkhwa ya mu nkhwani ndi zilembo zisanu kale, koma pakamwa pangotseguka kamodzi kokha. Ntchito ndi zilembo zisanu ndi ziwiri, koma mwana aliyense akawomba m'manja amva kuti ndi zigawo ziwiri basi: ntchi-to.

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Njerwa yomangira mawu athu si chilembo, koma phatikizo. Mawu a Chichewa ndi Chitumbuka amamangidwa ndi maphatikizo amene amathera ndi a, e, i, o kapena u. Ukamwaza zilembo chisawawa monga amachitira Azungu pa zimene amati anagram, kawirikawiri umapeza mulu wa zinyalala zosatchulika. Koma ukasuntha maphatikizo athunthu, chotuluka chimatchulika nthawi zonse, ngakhale chitakhala chopanda tanthauzo. Ana anazindikira zimenezi kalekale popanda wowauza. Amene tinakulira m'midzi ndi m'makomboni tikukumbuka kayankhulidwe kotembenuza kaja, pamene galu amakhala luga, nsima n'kukhala mansi, kuti akuluakulu asamve zimene tikupangana. Palibe mwana amene ankaphwanya ns kapena mb pakati. Khutu lake linkadziwa kale malamulo amene ena tinakawaphunzira ku yunivesite ndi mayina ovuta.

Ndipo si ife tokha. Aswahili ali ndi masewera otembenuza maphatikizo otchedwa kinyume. Achinyamata a ku France ali ndi verlan, dzina limene nalonso ndi mawu otembenuzidwa, ndipo woimba wa ku Belgium uja Stromae anangotembenuza maestro n'kupeza dzina lomwe dziko lonse likumudziwa nalo. Ku Buenos Aires tango amamutchula gotán. Kumeneko zimalembedwa m'mabuku, zimaimbidwa m'nyimbo, akatswiri amalembapo mapepala. Kuno mwana akachita zomwezo timati ndi chibwana, kapena mwano.

Pasukulu ina ya pulayimale kumwera kwa boma lino ndinaona ndi maso anga ana atatu a Sitandade 3 akuzulitsidwa udzu chifukwa anapezeka pa nthawi yopuma akuyankhulana chotembenuza. Mlandu wawo unali pawiri: sanayankhule Chingerezi, komanso ati amanyoza aphunzitsi mobisa. Anawa anali akuchita, mwaufulu ndi mokondwa, chinthu chomwe buku la kalasi yawo limawapempha kuchita: kudula mawu m'maphatikizo ndi kuwalumikizanso. Makolo athu anaphunzira kuwerenga chimodzimodzi ndi buku la Sosa, kuyambira pa a, e, i, o, u kupita ku maphatikizo. Ndondomeko ya boma yolimbikitsa kuwerenga imene inayamba mu 2016 nayonso imayambira pa kumva maliwu ndi kupanga maphatikizo. Chikachitika pa bolodi, mphunzitsi atagwira choko, ndi phunziro. Chikachitika pansi pa mtengo, ana akuseka, ndi mlandu. Zoona zimenezi?

Sindikunyoza aphunzitsi ayi. Munthu amene wapatsidwa ana odzaza kalasi mpaka pakhomo, mabuku ochepa ndi malipiro ofika mochedwa ali ndi zifukwa zokwanira zofunira bata. Amene ndikulimbana nawo ndi maganizo amene tonse tinamwetsedwa, akuti mwana akamasangalala m'chiyankhulo chake ndiye kuti sakuphunzira.

Ndikudziwa yankho lake, ndalimva kambirimbiri. "Achimwene, mayeso ndi a Chingerezi. Ukalephera Chingerezi pa MSCE satifiketi palibe. Lamulo la maphunziro la 2013 likuti tiziphunzitsa m'Chingerezi. Ndiye tizitaya nthawi ndi nyama-manya?" Zonsezo n'zoona, ndipo ine sindikuti Chingerezi chitayidwe, ndi chomwe chimatidyetsa ambirife. Koma funso langa ndi ili: mwana amaphunzira liti kuti mawu ndi chinthu chomwe chimamasulidwa n'kumangidwanso ngati njinga? Amaphunzira pa mawu amene akuwadziwa. Akatembenuza kale n'kupeza leka, amaseka, chifukwa mawu onse awiri akuwamva tanthauzo. Kusekako ndi umboni woti wazindikira. Mukamupatsa listen ndi silent iye asakudziwa ngakhale limodzi, sazindikira kanthu, amangoloweza. Amene waphunzira kumasula njinga ya kwawo savutika akapatsidwa ya eni. Amene sanagwirepo sipanala amangoyang'ana zonse ziwiri.

Za kuloweza zili ndi chitsanzo chake chodabwitsa. Mu 2015 Nigel Richards wa ku New Zealand anapambana mpikisano wa dziko lonse wa Scrabble ya Chifalansa asakuyankhula Chifalansa. Anangoloweza mndandanda wa mawu. Kwa iye n'luso, ndipo chipewa tivule. Koma taganizani bwino: kodi si zomwe tikuchita ndi ana athu ambiri? Amatchula mawu a Chingerezi molondola, amawalemba molondola, mukawafunsa tanthauzo ndi zii. Kusiyana kwake n'koti Richards anapita kwawo ndi chikho, pamene ana athu amabwerera kumudzi ndi fomu yolephera.

Chaka chomwecho cha 2015, Wellington Jighere wa ku Nigeria anakhala munthu woyamba wa mu Africa kupambana mpikisano wa dziko lonse wa Scrabble ya Chingerezi, ku Perth m'dziko la Australia. Tinanyadira, ndipo n'koyenera. Palibe amene akukayika kuti munthu wakuda angathe kugonjetsa Mngerezi pa masewera a Mngerezi. Chomwe chikundisowetsa mtendere n'chakuti pamene ena anasintha bokosilo kuti ligwirizane ndi chiyankhulo chawo, ife tinasankha kusintha lilime kuti ligwirizane ndi bokosi. Scrabble ya Chisipanishi ili ndi timatabwa ta CH, LL ndi RR. Ya anthu a ku Wales ili ndi DD, FF, LL ndi NG. Iwo sananene kuti chiyankhulo chawo n'cholemera. Anapala timatabwa tatsopano.

Tsopano ndibwere kwa abale anga a kuno kwathu, chifukwa ndikukumvani kale mukung'ung'udza. "Iwe mwana wa ku Mzimba, bwanji ukumenyera nkhondo Chichewa? Waiwala 1968?" Sindinaiwale. Chaka chimenecho msonkhano waukulu wa chipani cha MCP unagamula kuti Chichewa ndi Chingerezi ndizo zizigwiritsidwa ntchito, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wayilesi ndi m'sukulu mpaka chinabwereranso pa MBC mu 1994. Bala limenelo ndi lenileni, ndipo mwana wa ku Edingeni kapena ku Luwerezi amene kunyumba amayankhula Chitumbuka, kusukulu n'kupeza Chichewa ndi Chingerezi zikumudikira, amasenza mtolo umene mnzake wa ku Dedza sasenza. Koma n'chifukwa chake masewerawa ndi ofunika kwambiri kuno kuposa kwina. Zomwe ndanena za maphatikizo zimagwira Chitumbuka chimodzimodzi. Nyama ukatembenuza ndi manya, ndipo mwana wa ku Lilongwe sangaseke, koma wa ku Mzimba aseka chifukwa kumanya ndiko kudziwa. Koma ndi mawu amodzi omwewo, Mchewa akuti kukoma kwa ndiwo, Mtumbuka akumva kupha. Mwana wa pa Jenda, pamene Chitumbuka, Chichewa ndi Chinyanja cha ku Zambia zimakumana pamsika umodzi, ali ndi thumba la mawu lalikulu kuposa tonsefe. M'kalasi timamuona ngati wosokonezeka. Pa masewera otere akhoza kukhala katswiri. Ndi malo amodzi okha amene kudziwa ziyankhulo ziwiri kungamupatse mapointi m'malo momupatsa chilango.

Gulu lina ndi la asungi a chiyankhulo, amene amati kutembenuza mawu n'kuwononga Chichewa. Awa ndimawalemekeza, koma aphonya. Palibe chomwe chimaphunzitsa malamulo a kalembedwe msanga kuposa mkangano wa pa masewera. Sinthanitsani l ndi m mu lima. Mwapeza mila. Wina adzaimirira n'kunena kuti mawu amenewo kulibe, timalemba mira, chifukwa pambuyo pa i ndi e timaika r. Winayo adzati pakamwa pake l ndi r ndi chimodzi. Adzakangana, adzafunsa aphunzitsi, ndipo lamulo limene akanaliiwala Lachisanu likangotha sadzaliiwalanso moyo wawo wonse. Tembenuzani suka, mupeza kasu. Wina adzafuna kuti amupatse mapointi a khasu, anzake adzamukaniza chifukwa h palibe. Ameneyo sadzalembanso kasu pa mayeso. Chichewa Board inatha, m'malo mwake munabwera Centre for Language Studies mu 1996, ndipo anatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Mabuku otere amangodya fumbi pa shelefu chifukwa palibe chimene chimatikakamiza kuwatsegula. Ikani mapointi ndi ulemu pa mzere, muone ngati satsegulidwa mpaka chikuto kuthothoka.

Chilipo chimodzi chomwe otsutsa amanena chimene n'choona: masewerawa amatha kutulutsa zolaula ndi zachipongwe. Koma ukatembenuza ndi mako, ndipo tonse tikudziwa kumene mawu amenewo amathera ana akapsetsana mtima. Nanga ndiye titani? Mpeni umasenda mbatata, umachekanso chala, koma palibe mayi amene anataya mpeni. Mwana amene wazindikira kuti mawu abwinobwino akhoza kusanduka chitonzo pongosuntha phatikizo limodzi waphunzira kusamala pakamwa, phunziro limene akuluakulu ena a ku nyumba ya malamulo sanalimalize.

Ndiye tichite chiyani? Osati kudikira bungwe lakunja libwere ndi galimoto yoyera ndi maalawansi. Zida zake zili kale m'dzala. Dulani katoni ya sopo m'timakadi. Pa kadi iliyonse lembani phatikizo limodzi: ka, ku, la, le, ma, mba, nda, nya, pha, tsa, ng'o, ŵa. Maphatikizo opezeka paliponse monga ku, ma, la ndi ka akhale ambiri, a pointi imodzi. Osowa monga nkhwa, psa ndi bzi akhale amodziamodzi, a mapointi ochuluka. Aliyense atole makadi asanu osaona, apange mawu. Amene watha kutembenuza mawu a mnzake n'kupeza ena atanthauzo alande mapointi onse. Mawu a Chitumbuka aloledwe mofanana ndi a Chichewa, ndipo amene wapeza mawu okhala ndi tanthauzo m'ziyankhulo zonse ziwiri alandire kawiri. Pakabuka mkangano, woweruza akhale mtanthauziramawu ngati alipo. Ngati palibe, akhale agogo. Ndipo pamenepo mudzaona chinthu chosowa masiku ano: mdzukulu wa Fomu 2 akupita kwa agogo ake osaphunzira kukafunsa nzeru ya mawu, agogowo n'kukhala ndi liwu lomaliza.

Zitsekerero za mabotolo nazonso zikhoza kugwira ntchito, makala ndi simenti ya pakhonde chimodzimodzi. Wayilesi za m'madera, monga ya kuno ku Mzimba, zikhoza kupatula mphindi khumi pa sabata: muulutsi atchule mawu, omvera aimbe foni ndi mawu otembenuzidwa. Magulu a achinyamata a kumpingo amene amapikisana pa mavesi akhoza kupikisananso pa izi. Azibambo amakhala tsiku lonse pa bawo pa sitolo, kuwerengera nkhomo ndi kuyang'ana patsogolo maulendo atatu, ndipo palibe amene amati n'chibwana. Bwanji ubongo womwewo ukagwira mawu tiziuchitira manyazi?

Kwa anzanga a madigiri, amene timatumizirana timabokosi tobiriwira ta Wordle m'mamawa ngati ndi satifiketi: sewerani, palibe akukuletsani. Koma musadzanenenso pamaso pa mwana kuti chiyankhulo chake sichiseweredwa. Inu simunayese. Mawu amene mukuwanyozawo ndi omwe munayamba kulira nawo, kunama nawo, kufunsira nawo. Ngati simungathe kuwatembenuza, vuto si mawuwo.

Mukufuna kunditsutsa? Chabwino, koma muyambe mwalipira msonkho wa pakhomo. Tembenuzani awa atatu: tapa, lipa, soka. Amenewo ndi a Sitandade 2. Mukatha, tengani malemba, mawu aulemu a m'tchalitchi aja, musachotse chilembo, musawonjezere chilembo. M'katimo mwabisala cholengedwa cha mapiko. Mukachipeza, bwerani tikangane bwino.